Opaleshoni yodula khungu lolendewera pamkono: zimakhala bwanji kwenikweni?

Loweruka lapitali ndinaperekeza azakhali anga kwa telala wawo pamsika wa Kasungu, kuli ukwati mwezi wamawa ndiye amafuna asoketse bulauzi ya chitenje chomwe abale tonse tagula. Azakhaliwa anali munthu wathupi ndithu, koma chiwapezereni ndi shuga zaka zitatu zapitazo anasintha kadyedwe, nsima anachepetsa, zakumwa zotsekemera anasiya, m'mawa uliwonse amayenda wapansi, moti atsika ndi makilo oposa 25. Atelala atazunguliza tepi pamkono anaima kaye, kenako mwaulemu anati, "Mayi, mkonowu ndiutalikitse ufike pachigongono eti, komanso ndisiye malo pang'ono?" Azakhali anakweza mkono wawo, khungu la kunsi lili lendelende ngati thumba loti ufa watha, ndiye anangoti, "Talikitsani bambo, thupi lonse labwerera koma apa pokha pandikana."

Pabenchi panali mtsikana wina akudikira diresi lake, anatulutsa foni n'kutionetsa vidiyo ya pa TikTok, mzimayi wa kunja mikono yake yolobodoka mbali iyi, mbali inayo yaphwa bwinobwino. Mkangano unayambira pompo. Wina amati amaikamo pulasitiki kuti ikoke khungu, wina amati ndi jakisoni chabe, mayi wina ogulitsa mandasi anati pali mafuta opaka omwe akugulitsidwa pa WhatsApp amachita zomwezo. Azakhali sanayankhulepo, koma tili m'njira anandifunsa, "Iwe mwana wa achimwene, zija n'zoona?" Ndiye ndinakhala pansi kuifufuza nkhaniyi, ndipo ndikuilemba pano poti amene akudabwa si iwo okha.

Dzina lake, ndi nkhani ya pulasitiki ija

Madokotala amaitchula kuti brachioplasty, ena amangoti arm lift. Ndi opaleshoni yodula n'kuchotsa khungu lotsala, nthawi zina pamodzi ndi mafuta, pagawo la mkono loyambira m'khwapa kufika pachigongono, kenako n'kusoka kuti mkono uchepe ndi kumangika. Si zachilendo ayi, madokotala awiri a ku Argentina, Correa-Iturraspe ndi Fernandez, analemba za njira imeneyi kale mu 1954.

Za pulasitiki ija ndi dzina chabe lomwe limasokoneza anthu. Ntchito zoterezi pa Chingerezi zili m'gulu la plastic surgery, ndipo mawu amenewa anachokera ku Chigiriki, plastikos, kutanthauza kuumba, monga mmene amayi amaumbira mphika. Pamkono saikapo jumbo, saikapo chubu, palibe chomwe amawonjezera, amangochotsa. Gulu lomweli la madokotala ndi limene limakonza munthu amene anapsa ndi moto khungu n'kukokana, kapena mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika. Kusiyana kwake n'koti zinazo akubwezeretsa chimene chinaonongeka, pomwe iyi kawirikawiri munthu amaifuna chifukwa cha maonekedwe, ngakhale alipo ena amene khungulo limawavutitsa ndithu, limakhulana ndi nthiti, thukuta limakhalira m'mapindo mpaka kutuluka zidzolo ndi zilonda, makamaka miyezi yotentha ngati Okutobala.

Chimene chimalendewera n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa anthu atatu akhoza kudandaula mofanana kuti mikono yalobodoka koma mavuto awo ali osiyana.

Mkono uli ndi zigawo. Pakati pali fupa, pafupa pali minofu, kutsogolo uja anyamata amaonetsa akapinda mkono, kumbuyo wina umene umawongola mkono. Pamwamba pa minofu pali mafuta, ndipo zonsezi zakutidwa ndi khungu. M'kati mwa khungu muli timaulusi ta mitundu iwiri, kolajeni amene amalilimbitsa, ndi elasitini amene amalichititsa kuti likatamuka lizibwerera. Ganizirani lasitiki ya m'chiuno mwa siketi. Ikadali yatsopano mukaikoka imabwerera msanga, koma ikakhala yokokedwa kwa zaka, yachapidwa, yayanikidwa padzuwa, tsiku lina imangokhala lobodo, olo muichape ndi sopo wamtundu wanji siibwereranso. Khungu la munthu amene wakhala wonenepa zaka 15 kapena 20 limakhala lokokedwa choncho, ndiye mafuta a m'kati akachoka limatsala lopanda chodzazamo. Elasitini thupi limapanga wambiri tili ana, tikakula silibwezeretsa kwenikweni amene waonongeka. Kolajeni naye amachepa ndi ukalamba, ndipo kwa amayi amatsika kwambiri akasiya kusamba, akatswiri a khungu amati pafupifupi 30 peresenti imapita m'zaka zisanu zoyambirira. Kumtundu kumathandiziranso, pali mabanja oti agogo, amayi ndi ana onse mikono yawo ndi yotero. Dzuwa ndi fodya nazo zimadya timaulusi timeneti.

Mukhoza kudziyesa nokha. Tambasulani mkono m'mbali, pindani chigongono, ndiye ndi dzanja linalo tsinani kunsiko. Ngati chimene mwagwira ndi chochindikala, chodzadza m'dzanja, ambiri ndi mafuta. Ngati ndi chopyapyala, zala zikungotsala pang'ono kukumana ngati mwagwira nsalu, limenelo ndi khungu. Ambiri amakhala nazo zonse ziwiri.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Mafuta amachepa munthu akatsika thupi lonse. Mnofu umalimba ndi ntchito, n'chifukwa chake amayi akumudzi amene amasinja pamtondo, kulima ndi kutema nkhuni mikono yawo imakhala yomangika nthawi yaitali, ndipo majimu amathandizadi kudzaza mkono pang'ono. Koma khungu si mnofu, silimva masewera. Azakhali anga atanyamula zitsulo chaka chonse mnofu ulimba, khungu lotsalalo likhalabe pomwepo. Mafuta opaka aja amafewetsa pamwamba basi, sangachotse khungu lokwana chikhatho chonse. Kunja kuli makina otenthetsa khungu kuti likokane, ena oziziritsa mafuta kuti afe, koma amathandiza pang'ono kwa amene vuto lawo ndi laling'ono.

Kufiyeta kumachitika zotani

Fanizo labwino ndi la atelala omwewo. Mukagula jekete la kaunjika mikono yake yaikulu, iwo amalitembenuza, kulemba ndi choko, kudula nsalu yotsala motsatira utali wa mkono, n'kusokanso. Msoko umakhalapo, amangoubisa kunsi. Dokotala amachita chimodzimodzi, kungoti nsalu yake ndi yamoyo, ili ndi magazi ndi minyewa ndipo imatupa.

Asanakugonekeni amakuimikani, mikono yotambasula, n'kujambula ndi cholembera pamene adule. Amajambula muli chiimire chifukwa mukagona khungu limagwera kwina. Kenako amakupatsani mankhwala ogonetsa, nthawi zambiri aja oti mugoneretu osamva kanthu, ndipo mikono yonse iwiri imatenga maola awiri kapena atatu.

Ngati pali mafuta ambiri amayamba ndi liposuction, kumene ndi kuyamwa mafuta ndi kachitsulo kabowo konga kapaipi kakang'ono kolumikizidwa ku makina. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi dokotala wa ku France, Yves-Gérard Illouz, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Amayamba apopera madzi a mchere osakaniza ndi mankhwala a dzanzi ndi ena ofinya mitsempha kuti magazi asatayike ambiri. Kwa munthu wachinyamata amene khungu lake likadali ndi mphamvu, kuyamwa mafuta kokhako kumakwana, timabala take ndi tating'ono. Koma kwa munthu wa khungu lotha mphamvu, kuyamwa kokha kumawonjezera vuto, thumba lija mwangolipungulanso.

Kudula kwake kuli mitundu. Ngati khungu lotsala lili pafupi ndi khwapa pokha, amadula kachigawo kakang'ono n'kubisa msoko m'khwapa momwemo, koma izi zimatheka kwa ochepa. Yodziwika kwambiri ndi yodula kuyambira m'khwapa mpaka pachigongono, amachotsa chigawo chooneka ngati tsamba la mango, chosongoka uku ndi uku. Kwa amene anatsika thupi kwambiri, khungu lolendewera limapitirira mpaka m'mbali mwa chifuwa, ndiye bala nalo limatsikira kunthiti. M'khwapa ambiri sadula mowongoka, amakhotetsa msoko, chifukwa chipsera chowongoka chikadutsa pamalo opindika chimakokana ngati chingwe, munthu n'kumalephera kukweza mkono bwino.

Posoka sasoka pamwamba pokha. Pansi pa khungu pali kansalu kolimba kamene kamagwira mafuta, amayamba asoka kameneko kuti kanyamule kulemera, kenako khungu, kawirikawiri ndi ulusi wosungunuka wokha. Ena amasiya kapaipi kotulutsa madzi ndi magazi kwa masiku angapo. Luso lalikulu lili pa kudziwa mlingo. Akachotsa lochepa munthu adandaula kuti palibe chasintha, akachotsa lambiri bala limakana kutsekeka poti mkono umayamba kutupa opaleshoni ili m'kati, ndiye ambiri amadula pang'ono n'kutseka, kudula pang'ono n'kutseka. Nsalu ikaperewera atelala amatha kulumikiza kachidutswa, pamkono zimenezo si zapafupi.

Chipsera, chimene mavidiyo saonetsa

Muwaonetsetse mavidiyo aja, munthu amajambulidwa kutsogolo kapena kumbuyo mikono ili m'mbali, pamalo poti msoko wabisika. Zoona zake n'zoti opaleshoni imeneyi ndi msinthano, mukupereka khungu lolendewera n'kulandira chipsera chachitali, kwa ambiri choyandikira utali wa rula ya kusukulu, mkono uliwonse chake, ndipo n'cha moyo wonse. Dokotala amasankha pochiika. Akachiika m'kati mwa mkono, mbali yoyang'ana nthiti, chimabisika mikono ikakhala pansi koma chimaoneka mukakweza dzanja, poimba kutchalitchi, popereka moni, poyanika zovala. Akachiika kumbuyo, inu simuchiona koma amene ali kumbuyo kwanu pamzere amachiona.

Ndipo pamkono ndi malo amodzi amene zipsera zimavuta kuposa malo ambiri, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala, ndi lokokedwa, komanso mkono sukhala phee, tsiku lonse ukuyenda. Miyezi yoyamba chimakhala chotukuka, cholimba, choyabwa, kwa ife akhungu lakuda chimada kuposa khungu lozungulira, pena chimayera. Chimatenga chaka kapena chaka ndi theka kuti chikhazikike, ndiye amene akuweruza pa mwezi wachitatu akufulumira.

Apa ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa zikutikhudza ife kwambiri kuposa azungu a m'mavidiyo aja. Pali zipsera zotupa za mitundu iwiri. China chimatukuka koma chimakhala m'malire a bala, ndipo pakapita nthawi chimatha kuphwa. China ndi keloyidi, chimene chimakula kupitirira pamene panali bala, cholimba, chonyezimira, choyabwa kapena kuwawa, ndipo sichiphwa chokha. Tonse tinaonapo munthu amene anaboola khutu kuti avale ndolo, pakhutupo n'kumera chotupa ngati nthudza, kapena bambo amene ali ndi zotupa m'chibwano chifukwa cha lezala, kapena pachifuwa pamene anatemera mphini. Imeneyo ndiyo keloyidi. Imagwira kwambiri anthu akhungu lakuda, imayenda kumtundu, ndipo imakonda makutu, chifuwa, mapewa ndi kumsana kumtunda. Ndiye tangoganizani kabowo ka singano pakhutu kakutha kubala chotupa chotero, nanga bala loyambira m'khwapa mpaka pachigongono?

Sikuti aliyense wakuda amachita keloyidi, ambiri amapola bwinobwino. Koma thupi lanu linakuuzani kale mmene limapolera, mungoyang'ana. Onani chipsera cha katemera wa BCG pamkono, pamene munabooledwa makutu, mphini ngati muli nazo, bala la opaleshoni yobereka kwa amene anachitidwa. Ngati zonsezo zili zosalala, ndi chizindikiro chabwino ngakhale si lonjezo. Ngati zinatupa, dokotala woona mtima akuuzani kuti muganize kawiri, ena amakana kumene. Njira zochepetsera zilipo, timapepala kapena mafuta a silikoni oika pachipsera kwa miyezi, kuchiteteza kudzuwa, kuchisisita bala likapola, ndi jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, wobaya m'chipsera momwemo mwezi ndi mwezi. Keloyidi kungoidula yokha nthawi zambiri imabwereranso, pena yaikulu kuposa poyamba. Azakhali anga nditawafotokozera izi anagwira khutu lawo lamanzere, pali kachotupa kakang'ono ka ndolo kuyambira ali mtsikana, ndipo anakhala chete kanthawi.

Zina zomwe zingavute

Bala limatha kutseguka, makamaka m'khwapa momwe muli thukuta ndi kuyendayenda, ndipo likatero limafuna kutsukidwa ndi kumangidwa kwa masabata. Madzi amatha kudzadza pansi pa khungu n'kupanga chotupa chofewa, madokotala amati seroma, amachipopa ndi singano mwina kangapo. Pali kutaya magazi m'kati, pali mafinya. M'kati mwa mkono mumadutsa kamnyewa kamene kamapereka kumva ku khungu la mkono wakumunsi, kali pafupi kwambiri ndi pamene mpeni umadutsa, kakakhudzidwa munthu amamva dzanzi kapena kuyaka, kwa ambiri zimatha pakapita miyezi koma kwa ena zimakhalitsa. M'khwapa mulinso anabere ndi tinjira tawo totulutsa madzi m'mkono, tikasokonezeka dzanja limatupa. Mikono iwiri imathanso kusiyana pang'ono.

Choopsa kwambiri, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kuthamangira kumapapo, chimenechi chimapha. N'chifukwa chake amamudzutsa munthu kuti ayambe kuyenda tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kupuma movutika, kuwawa pachifuwa, kapena mwendo umodzi kutupa pambuyo pa opaleshoni iliyonse si zodikira kuti kuche.

Fodya, shuga, ndi kachubu ka kulera

Dokotala wabwino asanavomere amafunsa zambiri. Choyamba thupi likhale litaima, osati likutsikabe kapena kukwerakwera, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo kwa amene anachepetsedwa chifu ndi opaleshoni amadikira chaka mpaka chaka ndi theka. Mukadula lero kenako n'kutsikanso makilo 10 khungu lilendeweranso, mukanenepanso chipsera chimatambasuka.

Fodya ndiye mdani wamkulu. Nikotini amafinya timitsempha tating'ono tomwe timadyetsa khungu, ndiye m'mphepete mwa bala simufika magazi okwanira, khungu limatha kufa n'kuda. Amauza munthu kusiya masabata anayi kapena asanu ndi limodzi opaleshoni isanachitike, n'kupitiriza osasuta mpaka atapola. Zimenezi zikukhudza ndudu, chingambwe, fodya wa m'mphuno ndi woika m'kamwa yemwe agogo ambiri amakonda. Ndipo kuno ku Kasungu tikumbukirenso kuti nikotini amalowera pakhungu munthu akamathyola kapena kusoka fodya wonyowa, kuja ena amachita chizungulire ndi nseru nyengo yothyola, ndiye amene amagwira ntchito m'munda wa fodya kapena m'chigafa amuuze dokotala olo sanasutepo chibadwire.

Shuga wokwera amachedwetsa kupola ndipo amaitana mafinya, ndiye kwa munthu ngati azakhali anga funso loyamba lingakhale loti shuga wawo wakhala bwanji miyezi itatu yapitayi. BP nayo iyenera kukhala m'malo mwake. Kuchepa magazi ndi kusowa zakudya zomanga thupi kumavutitsanso, bala limamangidwa ndi nyemba, mazira, usipa, nyama, mtedza, ndipo amene atsika thupi podzimana chakudya nthawi zambiri amakhala operewera pamenepa. Amene ali pa ma ARV anene, si chifukwa chowakanira ngati akumwa bwino ndipo tizilombo tili totsika, koma dokotala ayenera kudziwa. Asipirini, bulufeni ndi mankhwala ena azitsamba amachititsa magazi kuchedwa kuundana, mapiritsi ena olera amawonjezera chiopsezo cha kuundana kuja, zonsezi n'zonena poyera.

Pali ziwiri zomwe mavidiyo akunja satchula koma kuno n'zofala. Kachubu ka kulera ka pamkono, Jadelle kapena Implanon, amakaika m'kati mwa mkono wakumtunda, dera lomwelo limene dokotala akufuna kudula, ndiye ayenera kudziwa kuti kalipo asanagwire cholembera. Chinacho ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa iwo ali ndi steroid wamphamvu amene amapyapyalitsa khungu, ndipo khungu lotero limang'ambika posoka ndi kuchedwa kupola. Manyazi apa angakupwetekeni, nenani.

Masabata asanu ndi limodzi opanda ndowa

Mapepala a kunja amati munthu abwerera kuntchito pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma akunena wa muofesi amene amakhala pakompyuta, madzi ali m'nyumba, zovala amachapa makina. Lamulo lenileni ndi loti masabata oyamba musakweze mikono kupitirira mapewa, ndipo musanyamule cholemera kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Nthawi yonseyi mwavala chovala chothina ngati sokosi yaitali m'mikono yonse kuti kutupa kuchepe, pogona mikono pamapilo.

Ndiye tiziike pa moyo wathu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilo 20, kuisenza pamutu ndiye kukweza mikono yonse iwiri ndi katundu, n'zoletsedwa. Kupopa mjigo ayi. Kuvundula nsima ya banja la anthu asanu ndi atatu ayi, kuchapa mabulangete ayi, kuponyera mwana kumsana kuti mum'bereke ayi, khasu ndiye musalitchule. Olo kuvala bulauzi yodutsa kumutu kumavuta, amalangiza zomanga mabatani kutsogolo. Ndipo ndi mikono yonse iwiri nthawi imodzi, palibe wina wothandiza unzake, masiku oyamba ngakhale kusamba ndi kumanga duku pamafunika munthu. Amene akuganiza zochita ayenera kukhala ndi womuthandiza pakhomo kwa mwezi ndi theka, ndipo mlimi aziwerengera kuti isagwere nthawi yodzala kapena yokolola.

Bwanji zatchuka masiku ano?

Bungwe la madokotala a ntchitoyi ku America, American Society of Plastic Surgeons, linanena kuti m'chaka cha 2000 amayi ochitidwa opaleshoni imeneyi kumeneko anali 300 ndi kanthu, pofika 2012 anapitirira 15,000. Chachikulu chinali kuchuluka kwa maopaleshoni ochepetsa chifu, anthu akutsika makilo 40, 50 m'chaka chimodzi n'kutsala ndi khungu. Pano kwabweranso majakisoni ochepetsa thupi monga Ozempic ndi Wegovy a kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, woyambayo anavomerezedwa ku America mu 2017 ngati mankhwala a shuga, winayo mu 2021 ngati ochepetsa thupi, ndipo nawo akusiya anthu ambiri ndi khungu lotsala.

Kwathu kuno maganizo ndi osakanikirana. Kuyambira kale mkono wodzadza wa mayi unali ulemu, umaonetsa kuti pakhomo pali mtendere, ndipo kuonda kunali kukayikitsa, anthu amayamba kunong'ona. Koma pano achipatala akutiuza titsike thupi chifukwa cha shuga ndi BP, madiresi aukwati ambiri ndi opanda mikono, zithunzi zikupita pa Facebook. Ena amati thupi ndi la Mulungu, kulidula popanda matenda n'kusayamika. Ena amati munthu amene walimbana zaka zitatu kuti apulumutse moyo wake ali ndi ufulu womaliza ntchitoyo n'kuvala chomwe akufuna. Onsewa ndawamva, ena m'banja mwathu momwe, ndipo aliyense amayankhula kuchokera pansi pa mtima.

Nanga munthu wa ku Kasungu angachitire kuti?

Madokotala a plastic surgery m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri, ndipo m'zipatala zazikulu za boma ngati Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre manja awo ali pa anthu opsa ndi moto, ana ogwera m'phala lotentha, a khunyu ogwera pamoto, ovulala pangozi, ndi ana a milomo yong'ambika amene mabungwe ngati Operation Smile amathandizira. Opaleshoni ya maonekedwe ndi yolipira wekha, ndipo ma inshulansi a zaumoyo kawirikawiri salipira zoterezi. Amene ali ndi ndalama ambiri amayang'ana ku South Africa, India kapena Turkey. Ku America malipiro a dokotala yekha amapitirira madola 4,000, osawerengera wogonetsa, fiyeta ndi mankhwala. Kwina n'kotsikirapo, koma muwonjezere ndege, malo ogona a anthu awiri, ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe tonse tikukudziwa.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa pa zopita kunjazi si tsiku la opaleshoni, ndi masabata otsatira. Kukwera ndege ulendo wautali mutangochitidwa kumene kumawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana. Ndipo bala la m'khwapa limatha kutseguka sabata yachiwiri kapena yachitatu, keloyidi imayamba kuoneka patapita miyezi, nthawi imeneyo inu muli ku Santhe kapena ku Chamama, amene anakudulani ali kutsidya kwa nyanja akuyankha pa WhatsApp akafuna. Ndiye musanalipire kalikonse dziwani amene adzakuoneni mukabwerera, ndipo mubwere ndi kalata yofotokoza zimene anachita ndi mankhwala amene anakupatsani. Dokotala wa kuno akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, wa ku South Africa ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, ndipo mufunse ngati anaphunziradi plastic surgery, chifukwa kukhala dokotala kokha sikukwana. Funsani amene adzakugonetseni ndi ndani, ndipo zikavuta usiku akutengerani kuti. Pemphani zithunzi za anthu akhungu ngati lanu, patatha chaka, mikono itakwezedwa m'mwamba kuti msoko uoneke. Ndipo aliyense amene akuti akubayani jakisoni wosungunula mafuta kusaluni kapena kunyumba kwake, mankhwala opanda dzina lodziwika, ameneyo akuika mkono wanu pachiswe.

Pamene si nkhani ya maonekedwe

Zonse ndanenazi zikunena munthu amene akudziwa chifukwa chimene khungu lake lalendewera, ukalamba kapena kutsika thupi mwadala. Ngati mikono yayamba kulobodoka chifukwa mukuonda osadziwa chifukwa, zovala zikukula zokha, mwina pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala cha boma pa Kasungu kapena chaching'ono chapafupi akayeze TB, HIV ndi shuga, kuyezaku n'kwaulere.

Komanso kulendewera n'kosiyana ndi kutupa. Khungu lotsala ndi lofewa, lopepuka, ndipo limakhala mikono yonse iwiri mofanana. Mkono umodzi wokha ukakula, wolemera, mphete kapena chibangili chikuthina, mukadina chala pakutsala kadzenje, amenewo ndi madzi amene akulephera kutuluka, ndipo zimachitika kwambiri kwa amayi amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere anabere a m'khwapa n'kuchotsedwa. Mkono wotero thandizo lake ndi lina, mabandeji othina, kusisita kwa akatswiri a mafizo ndi kusamala khungu kuti lisachite zilonda. Ngati kutupako kwabwera mwadzidzidzi ndi ululu kapena kutentha, kapena mwapeza chotupa cholimba m'khwapa kapena m'bere, musadikire tsiku la msika, pitani lero.